Pamzere wa ADHD, umboni wanga unali kwa amayi

## Uthenga wopanda tsiku

Dokotala amene ndimaonana naye nthawi zonse anandimvetsera, zimenezo sindingamunamizire. Ndinamufotokozera za mabilu amene ndimalipira mochedwa ndalama zili m'thumba, za misonkhano ya kuntchito imene ndimatulukamo ndisakudziwa chimene tagwirizana, za malipoti amene ndimayamba kulemba usiku woti mawa lake akufunika ngakhale ndinapatsidwa mwezi wathunthu. Anandipatsa pepala la mafunso 6, ndinachonga, analiyang'ana kamodzi n'kunena kuti alemba kalata yonditumiza kwa akatswiri kuti akandipime ngati ndili ndi ADHD, vuto limene limachititsa munthu kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika kapena kupupuluma. Ndili pakhomo kutuluka anawonjezera kuti, "Koma ndikuuziranitu mayi, mzere wake ndi wautali. Musawerenge miyezi."

Ndinayesa akukokomeza. Patapita milungu ingapo pafoni panabwera uthenga wakuti dzina langa lalowa pa mndandanda. Tsiku panalibe. Zoti ndine wachingati pamzerepo panalibenso. Chimene analemba momveka n'chakuti ndisavutike n'kuimba foni, chifukwa kuimba sikuyendetsa mzere.

Ndinali ndi zaka 36. Munthu amene wafika msinkhu umenewu asanapimidwe amakhala ataphunzira kale kubisa. Ndimadziwa kuseka ndikaiwala dzina la munthu amene wangondiuza kumene, ndimadziwa kunena kuti "ndili m'njira" ndisanavale nsapato. Chimene chinandithamangitsira kuchipatala n'chakuti njira zobisira zija zinasiya kugwira ntchito nditakwezedwa pa udindo, anthu ena atayamba kudikira zochita zawo kuchokera kwa ine. Ndikachedwa ine, gulu lonse lachedwa. Ndiye kundiuza kuti ndidikire zaka kunandiwawa. Mnzanga wina anandilimbitsa mtima ndi mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinamuyankha kuti kudekhako n'kumene ndikufuna kukapimitsa.

## Chifukwa chake mzere sukuyenda

Si ine ndekha, ndipo si dziko limodzi. Mu July 2024 atolankhani a BBC atafunsa zipatala za boma ku UK anapeza kuti akuluakulu osachepera 196,000 anali kudikira kupimidwa, ndipo m'madera ambiri, malinga ndi liwiro limene ankagwirira ntchito, mzerewo ukanatenga zaka 8 kapena kuposa kuti uthe. Kumeneko n'kumene kuli madokotala a maganizo ochulukirapo poyerekeza ndi mayiko ambiri.

Ena amati kuchuluka kwa anthu ofuna kupimidwa ADHD ndi fasho ya pa TikTok. Ine sindivomereza. Dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu olephera kusunga maganizo pa chinthu chimodzi mu 1798, ndipo George Still anakamba za ana otere pamaso pa madokotala anzake ku London mu 1902. Dzina lakuti ADHD linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1987. Chimene chinachedwa ndi kuvomereza kuti kwa anthu ambiri vutoli silitha akakula. Kwa zaka zambiri ankakhulupirira kuti limazimiririka pa unyamata, choncho zipatala anazikonza kuti zizilandira ana. Ku England, bungwe la NICE, limene limapereka malangizo kwa achipatala, linatulutsa malangizo okhudzanso akuluakulu mu 2008. Ofufuza amati pa akuluakulu 100 alionse, awiri kapena atatu ali ndi ADHD. Tsono sonkhanitsani onse amene anadumphidwa ali ana, makamaka atsikana amene sankathamangathamanga m'kalasi koma ankangoyang'ana pawindo, muwabweretse nthawi imodzi pakhomo limene linamangidwira anthu ochepa. Mzere ungalephere bwanji kutalika?

Zimenezo ndimazimvetsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti mzerewu umafuna zinthu zenizenizo zimene ife tilibe. Patapita nthawi yaitali kunabwera kalata yakuti ndiyankhe pasanathe milungu iwiri ngati ndikufunabe kupimidwa, apo ayi dzina langa lifufutidwa. N'zoona kuti amafuna kuchotsa amene anasamuka kapena anapimidwa kwina. Koma taganizani, anthu amene dandaulo lawo n'lakuti satsegula makalata, amaiwala masiku, amazengereza kuyankha, ndi amene akusefedwa ndi kalata yokhala ndi tsiku lomaliza. Amene vuto lawo ndi lalikulu kwambiri ndi amene amayamba kugwa. Yanga anaiona ndi mng'ono wanga pa mulu wa mapepala, ndipo anandiimirira mpaka nditayankha.

## Magazi sayeza

Ndili kudikira choncho ndinayamba kufufuza kuti tsikulo likadzafika adzandichita chiyani. Ndinkaganizira za makina ojambula ubongo kapena kutenga magazi. Zimenezo kulibe. Kuli mayeso a pa kompyuta oona mmene munthu akutsatirira zinthu, ndipo zipatala zina zimawagwiritsa ntchito, koma amangothandizira, paokha satsimikiza kanthu. Mafunso 6 aja, amene amatchedwa ASRS ndipo anakonzedwa mogwirizana ndi bungwe la WHO, ntchito yake ndi kuloza amene akufunika kuonedwa bwinobwino basi. Munthu amene sakugona mokwanira akhoza kuchonga ndendende mmene ndinachongera ine.

Kupima kwenikweni ndi kucheza kwa nthawi yaitali ndi katswiri, ndipo zimene amafunafuna si zachinsinsi. Buku lija la madokotala a maganizo a ku America, limene kope lake la mu 2013 limatchedwa DSM-5, lili ndi zizindikiro 18: zokhudza kulephera kuika maganizo pa chinthu zilipo 9, zokhudza kusakhazikika ndi kupupuluma zilipo 9. Munthu wazaka 17 kapena kuposa amafunika kukhala ndi zosachepera 5 m'gulu limodzi, kwa miyezi 6 kapena kuposa, m'malo oposa amodzi monga kunyumba ndi kuntchito, ndipo zikhale kuti zikumusokonezadi pa moyo wake. Katswiri amafunikanso kuona ngati palibe china chimene chikuchititsa, monga matenda a nkhawa, matenda ovutika maganizo, vuto la chithokomiro, kubanika pogona, mowa, kapena zoopsa zimene munthu anadutsamo.

Ndiye pali mfundo ina imene inandiimitsa mutu. Zizindikiro zingapo ziyenera kukhala kuti zinalipo munthu asanakwanitse zaka 12. Buku la m'mbuyo mwake linkati zaka 7. Ngati kuiwalaiwala kwako kunayamba uli wamkulu kale, katswiri amayang'ana kwina. N'chifukwa chake amapempha malipoti a kusukulu, ndipo amafuna kumva kwa munthu amene anakuona ukukula.

Ine malipoti ndinalibe. Tinasamukasamuka, mapepala anatayika. Ubwana wanga ndimaukumbuka zigambazigamba, ndipo ngakhale zimene ndimakumbukazo ndinkazikayikira, chifukwa munthu amene wawerenga zizindikiro 18 amayamba kuziona paliponse. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Amene anatsala ndi amayi, omwe zaka zawo zinali zitadutsa 70 ndipo anali atayamba kufunsa funso limodzi kawiri. Nditaika zaka za mzere pambali pa zaka za amayi ndinaona kuti sindingadikire achipatala kuti andiuze tsiku lowafunsa.

## "Mwana wanga sanali wodwala"

Ndinapita kukawaona nditatenga mafunso a DIVA-5, amene anakonzedwa ku Netherlands ndipo akatswiri ambiri amawatsatira pocheza ndi akuluakulu. Chizindikiro chilichonse amachifunsa kawiri, mmene zilili panopa ndi mmene zinalili pa ubwana. Ndinakhala pafupi nawo, cholembera m'manja, n'kuyamba kuwerenga za pa ubwanazo.

"Amayi, ndili mwana ndinkalakwitsa ntchito ya kusukulu chifukwa chosasamala?"

"Ayi."

"Ndinkaoneka ngati sindikumva munthu akamandilankhula?"

"Ayi. Unali mwana womvera iwe."

"Ndinkataya zinthu?"

"Mwana aliyense amataya zinthu."

Tinadutsa masamba angapo, mayankho onse ali ayi. Mtima unayamba kuthamanga. Mwina ndadzinamiza. Mwina ndine waulesi basi monga ndakhala ndikudziuzira zaka zonsezi, ndipo ndangopeza dzina lachipatala lobisalamo. Nditatukula maso ndinaona kuti apinda manja ndipo akuyang'ana kumbali.

"Mapepala amenewa akupita kuti?" anafunsa.

"Kwa dokotala wa maganizo."

"Kuti akanene kuti ndinalera mwana wodwala mutu osadziwa? Mwana wanga sanali wodwala. Unkakhoza m'kalasi. Aphunzitsi sanandiitanepo kuti wamenya mnzako. Bambo ako atamwalira ndinakulerani ndekha bwinobwino, lero ukufuna ndisaine kuti ndinalephera?"

Apa m'pamene ndinamva chimene chikuchitika. Ine ndinkafunsa za ine, iwo ankamva kuti akuzengedwa mlandu. Funso lililonse papepala lija limayamba ndi chimene mwana ankalephera, ndipo kholo likamva zotero limatchinjiriza mwana wake n'kudzitchinjirizanso lokha. Ndinapinda mapepala aja n'kuwabwezera m'chikwama. Tinacheza zina, za miyendo yawo imene imawawa kukazizira, za mng'ono wanga ndi ana ake. Nkhani ya kuzizira ija ndi imene inandikumbutsa chinthu china, ndipo ndinafunsa mongocheza.

"Kodi amayi, juzi yanga yofiira ija inathera kuti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iti? Majuzi ako ndinasiya kuwerenga. Ndinafika posokerera dzina lako mkati ndi ulusi, koma ankatayikabe. Tsiku lina unabwera kuchokera kusukulu ukuimba, manja ali lendelende. Ndikufunsa chikwama chili kuti, iwe ukundiyang'ana ngati sunachionepo chikwama chibadwire. Tinakachipeza pabwalo la masewera chitanyowa ndi mvula."

Sindinanene kanthu. Ndinkaopa kuwadula.

"Nanga kukutuma iwe! Ndikakutuma zinthu zitatu unkabwera ndi chimodzi, mwinanso chimene sindinakutume. Ndinaphunzira kukutuma chimodzichimodzi. Ndikafuna undimve ndinkakugwira chibwano kuti undiyang'ane, ndinene, iwe ubwereze. Ukapanda kubwereza ndinkadziwa kuti zapita ndi mphepo."

"Nthawi zonse?"

"Nthawi zonse mwanangu. Mng'ono wako ayi, iye ndinkangokuwa kamodzi ndili kuchipinda, basi zachitika. Homuweki yako ndinkakhala nawe pambali. Ndikangotuluka pang'ono ndinkakupeza ukujambula maluwa m'mphepete mwa kope, samu ili pomwe ndinaisiya. M'mawa ndinkakudzutsa iwe poyamba, ena onse pambuyo, chifukwa unkatha kukhala pabedi ndi sokisi imodzi m'manja mpaka nthawi kutha. Aphunzitsi ako ena a kupulaimale anandiuza kuti mwanayu ndi wanzeru koma m'kalasi mumakhala thupi lokha. Anakusamutsira kutsogolo, pafupi ndi bolodi."

"Nanga bwanji mafunso aja mwayankha kuti ayi?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Iwe umafunsa ngati unkavutika. Sunkavutika. Ndinkavutika ndine."

Ndinakhala chete. Iwo anapitiriza, mawu atafewa tsopano.

"Ndiponso sindinkaona chachilendo. Bambo ako anali chimodzimodzi. Makiyi, chipewa, chilichonse chinkafunidwa ndi nyumba yonse. Ankamasula wailesi kuti akonze, asanamalize wayamba mpando, asanamalize wayamba njinga, zonse zili mbwee pakhonde. Ndinkangoti mwanayu watengera bambo ake."

Ndinawapempha kuti ndijambule mawu awo pafoni. Anavomera, bola ndisawachongetse m'timabokosi. Tinacheza mpaka mdima, ndipo atayamba sankafunanso kusiya. Nditabwerera ndinalemba zonse mmene anazinenera, osakonza.

## Amene ankandikumbukira

Kwa nthawi yaitali panali funso limene linkandibweza m'mbuyo: ngati ndili ndi ADHD, nanga bwanji kupulaimale ndinkakhoza? Tsiku limenelo ndinapeza yankho. Panali munthu amene ankandikumbukira zinthu, kundidulira ntchito m'tizidutswa, kukhala pambali panga mpaka nditamaliza. Nditachoka pakhomo kupita ku koleji m'pamene zinthu zinayamba kumwazika, ndipo ine ndinkayesa ndasanduka munthu wina. Buku la DSM-5 lomwelo limanena kuti zizindikiro zikhoza kuchepa kapena kusaoneka munthu akamayang'aniridwa pafupi, akakhala awiriwiri ndi wina, kapena akamachita chinthu chimene chamukoka mtima kwambiri. Amayi sanawerengepo buku limenelo, koma anachita zimenezi kwa zaka zambiri, tsiku ndi tsiku.

Za bambo zija zili ndi phunziro lake. Kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti ADHD imayenda kwambiri m'magazi, pafupifupi 74 peresenti ya kusiyana kwa anthu pa vutoli imachokera ku chibadwa. Tanthauzo lake kwa munthu amene akufuna mboni n'lakuti m'banja limene vutoli lilimo, kholo likhoza kuyankha kuti ayi ndi mtima woona, chifukwa mwana wotaya zinthu ndi womwazika maganizo m'nyumba imeneyo si wachilendo. Amamuyerekeza ndi bambo ake, kapena ndi iwo eni.

Ndiye ngati muli pamzere, langizo langa lalikulu ndi ili: musadikire kuti achipatala akutumizireni fomu ya makolo. Pitani panopa, akadali ndi mphamvu zokumbukira. Ndipo musapite ndi mafunso a inde kapena ayi. Funsani zimene iwo ankachita. Munkatani kuti ndifike kusukulu pa nthawi yake? Ndani ankakhala nane pa homuweki? Aphunzitsi ankati chiyani mukakumana nawo? Ndinkasiyana bwanji ndi abale anga? Ngati makolo kulibe, mkulu wanu, azakhali, amalume, ngakhale mnzanu amene munkakhala naye desiki imodzi akhoza kukumbukira zimene inu munaiwala. Akatswiri amatha kupima munthu amene alibe mboni, koma ntchito imapepuka umboni ukakhalapo.

Lembaninso zimene zikutsutsana ndi zimene mukuyembekezera. Amayi ananena kuti sindinkadula anthu mawu, sindinkakwera m'mitengo, ndipo ndikapeza buku londisangalatsa ndinkakhala phee tsiku lonse mpaka kuiwala kudya. Ndinazilemba momwemo. Ndinkafuna kudziwa chimene chikundivuta, ndipo ndikanakongoletsa umboni ndikanangodzinamiza ndekha n'kumwa mankhwala a vuto limene mwina ndilibe.

## Nkhani ya kulipira

Mzere sunasunthe. Kuntchito zinthu zinafika povuta, ndipo ndinayamba kuganiza zokapimitsa kuchipatala cholipira. Sizinandisangalatse. Amene ali ndi ndalama amadumpha, amene alibe amatsala, pamene vutoli nthawi zambiri ndi lomwe limachotsetsa anthu ntchito n'kuwasiya opanda ndalamazo. Ndinalipira, koma sindinganene kuti dongosolo lotere ndi lachilungamo.

Ndinalinso ndi mantha ena. Mu 2023 pulogalamu ya Panorama ya BBC inaonetsa mtolankhani amene zipatala zolipira zitatu zinamuuza kuti ali ndi ADHD atacheza naye pa intaneti, pamene katswiri wa chipatala cha boma amene anamupima kwa nthawi yaitali anapeza kuti alibe. Anthu ambiri amene ali ndi ADHD anakwiya ndi pulogalamuyo, ponena kuti yachititsa kuti aliyense wopimidwa kolipira azikayikiridwa. Mkwiyowo ndimaumvetsa. Komabe inandiphunzitsa kufunsa ndisanatulutse ndalama.

Ndinafunsa kuti adzandipima ndani, ndipo ali ndi chilolezo chanji. Ndinafunsa kuti kuchezako kutenga nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati adzafuna kumva kwa munthu amene anandidziwa ndili mwana. Malo ena anandiyankha kuti mboni n'zosafunika, zonse zitha pasanathe ola ndipo mankhwala nditha kuyamba sabata yomweyo. Kumeneko sindinaimbekonso. Chinanso chimene ambiri amachidziwa mochedwa n'chakuti dokotala wanu wa nthawi zonse sakakamizika kulandira lipoti la kolipira n'kumakulemberani mankhwala. Akakana, mumakhala mukulipira katswiri ndi mankhwala omwe mwezi ndi mwezi. Choncho ndinayamba ndapita kwa dokotala wanga uja kukafunsa kuti lipoti lotani limene angalikhulupirire. Ndinafunsanso ngati dzina langa likhalabe pamzere wa boma ndikapimitsa kwina, chifukwa malamulo ake amasiyana malo ndi malo. Ndi bwinonso kufunsa ngati kuli njira yapakati. Ku England, mwachitsanzo, kuli dongosolo la Right to Choose, limene limalola wodwala kusankha chipatala china chimene chili pa mgwirizano ndi NHS, bungwe la zipatala za boma, boma n'kulipira, ndipo nthawi zambiri mzere wake umakhala waufupiko.

Amene anandipima anali dokotala wa maganizo, mayi wachikulire wosathamanga polankhula. Tinacheza maola angapo. Anandifunsa za tulo, za mowa, za nthawi zimene ndinakhalapo wokhumudwa kwambiri, za matenda a mtima kubanja kwathu. Anapempha kuti ndikayezetse chithokomiro. Masamba a amayi aja anawawerenga onse ndili pomwepo, ndipo pa nkhani ya kugwira chibwano anaima n'kulemba kenakake. Kenako anapempha kuti alankhule nawo pafoni. Amayi anayamba ndi mawu omwe aja, "Adokotala, mwana wanga sanali wodwala," kenako anafotokoza za chikwama chonyowa chija ndi zina zimene ngakhale ine anali asanandiuze.

Zotsatira zinali zakuti ndili ndi ADHD, mtundu umene kulephera kuika maganizo pa chinthu ndi kumene kumakula kuposa kusakhazikika. Anapezanso kuti ndili ndi nkhawa imene ikufunika chithandizo chakechake. Ndinkayesa ndidzasangalala. Chimene chinabwera poyamba ndi chisoni, pokumbukira mayeso a ku koleji amene ndinalephera ndi maina amene ndinkadzitcha usiku. Dokotalayo sanandisisite kwambiri. Anati si chilichonse chimene ndingachikankhire kwa ADHD, ndipo kugona pakati pa usiku foni ili m'manja palibe piritsi limene lingakonze.

## Mzere wachiwiri

Ndinkaganiza kuti lipoti likatuluka ndiye kuti ndafika. Kunalinso mzere wina, woyambira mankhwala. Mankhwala odziwika kwambiri a ADHD, monga methylphenidate ndi a m'gulu la amphetamine, amatetezedwa mwapadera pansi pa pangano la United Nations la mu 1971, choncho salembedwa mwachisawawa. Amayamba akuyezani BP, kugunda kwa mtima ndi sikelo, n'kukupatsani mlingo wochepa, kenako amakweza pang'onopang'ono akuona mmene thupi likuwalandirira. Ntchito imeneyi imatenga milungu kapena miyezi, ndipo imafuna katswiri yemweyo amene akusowa uja. Nthawi zina mankhwalawo amasowanso. Ku America bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linalengeza za kusowa kwa mankhwala a ADHD otchedwa Adderall mu October 2022, ndipo ku UK anachenjeza za kusowa kwa mankhwala angapo a ADHD mu September 2023. Aliponso ena a mtundu wina monga atomoxetine, koma amatenga milungu ingapo kuti munthu ayambe kuona kusintha.

Ndili pamzere woyamba uja, mnzanga wina anandipatsapo mapiritsi ake kuti ndiyesere, akuti ndikaona kusintha ndidziwa kuti ndili nayo. Ndinakana. Mankhwala amenewa amatha kudzutsa maganizo a munthu amene alibe ADHD n'komwe, ndiye kuyeserako sikutsimikiza kanthu, ndipo mtima wanga unali usanayezedwe.

Podikira mzere wachiwiriwu ndinabwereka njira za amayi. Abwana anga ndinawapempha kuti ntchito azindipatsa yolemba, imodziimodzi, ndi tsiku lake. Msonkhano ukamatha ndimabwereza mokweza chimene ndapatsidwa kuti ndichite, anthu akumva. Malipoti ovuta ndimalemba nditakhala pafupi ndi mnzanga amene akugwira ntchito yake, sitilankhulana, koma kupezeka kwake kokhako kumandisunga pampando. Si zonse zimene zatheka. Mabilu ndimachedwa nawobe, ndipo makalata amatsegula ndi mng'ono wanga akabwera.

Mchimwene wanga wamkulu atamva zonsezi anandiimbira kundipempha mafunso a DIVA-5 aja, akuti iyenso dokotala wamulembera kalata ndipo walowa pamzere. Ndinamuuza kuti mapepalawo awasiye kunyumba, apite akangocheza nawo. Amayi atamva kuti akubwera anati ndimuuze atenge ndi chaja yomwe, chifukwa za iyeyo batire imodzi sikwana.